Dothi la Alendo

Amene anawadziwa a Weston Kamwendo atakalamba, akukhala okha m'nyumba ya m'komboni ya Chowa ku Kabwe ndi kudziphikira ngati mnyamata wa m'gowelo, ankadabwa ndi kabati yawo. Munthu wopanda mkazi, wopanda mwana, koma mbale zamaluwa zili mbwee kuseri kwa galasi, zopukutidwa Loweruka lililonse. Eni ake ankadyera m'mbale yogumuka. Ukawafunsa, ankayankha monyadira kuti zinazo n'za alendo.

Ndi mmene analili chiyambire. Chilichonse m'nyumba mwawo chinali pawiri, cha eni nyumba ndi cha alendo. Mpando wabwino unali wa alendo, thaulo loyera la alendo, shuga wa alendo. Ngakhale kuseka anali nako kuwiri. Kwa m'nyumba kunali kosowa, mwina pa Khirisimasi, koma kwa alendo kunkayamba mlendo akadali pa msewu, mano onse pamtunda, msana utapindika kale. Ndipo musaganize kuti mlendo kwa iwo anali munthu aliyense wochokera kutali. Msuweni wofika ndi fumbi kumapazi ankapatsidwa mbale yogumuka yomweyo. Mlendo anali munthu wa jekete.

Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu, tauni ino isanatchedwe Kabwe, nalowa mumgodi wa mtovu mpaka chifuwa chinawatulutsa. Mwana wawo anaona mmene fosholo imathera munthu, ndiye anasankha kudyera pakamwa. Analowa umesenjala mu ofesi ina, ndipo "inde bwana" wawo ankatuluka mzungu asanamalize funso. Ufulu utabwera, iwo ndiwo anayamba kupachika mbendera ku Chowa. Ankasimba ku bawa mmene anavutikira pomenyera dziko, ngakhale aliyense ankakumbukira kuti tsiku limene anthu ankagenda galimoto za apolisi, a Weston anali m'bulangete ndi malungo a tsiku limodzi. Chipani chitatsala chimodzi m'dziko, anawaika kukhala tcheyamani wa sekishoni, kachigawo ka nyumba zowerengeka. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Kuyambira pamenepo anayamba kuyenda ndi ndodo, miyendo ili yabwinobwino.

Ntchito imene ankaidziwa bwino inali yokonzekera akuluakulu. Kukangomveka kuti kukubwera wina wa ku Lusaka, a Weston sankakhala pansi. Miyala ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa laimu, mitengo nayo inkapakidwa mpaka m'chiuno, zidakwa zinkauzidwa kuti zikaledzerere kuseri, ndipo ana a nsanza ndi a zipere ankatsekeredwa m'nyumba mpaka galimoto itapita. Anthu ankang'ung'udza koma ankamvera, chifukwa masiku amenewo munthu akakukwiyira ku Chipani, ngakhale mumsika sunkalowa.

Chonyadira chawo chachikulu chinali khonde. Akazi awo, Alefa, mwana wa banja la ku Petauke lokhazikika m'tauni muno, ankazira khondelo mlungu uliwonse ndi dothi lakuda la pa chulu cha zotaya za mgodi, chimene chinkaoneka ukaima pakhomo pawo. A Weston ndiwo anatulukira kuti dothi limenelo ukazira nalo n'kulikwecha ndi mwala limawala ngati simenti ya polishi, ndipo analamula sekishoni yonse kuti izichita chimodzimodzi. Pa khonde limenelo ndi pamene anakwawira Tryness, mwana yekhayo amene anabadwa m'nyumbamo patapita zaka zambiri za kudikira ndi kunyozedwa. Ankakwawa, kukanda pansi ndi tizala take, n'kuika m'kamwa monga achitira ana onse.

Tryness anakula bwino mpaka anayamba kuthamanga ndi kubwebweta mawu. Kenako anabwerera m'mbuyo. Anasiya kudya, ankalira atagwira pamimba, nkhope inatuwa, ndipo mawu amene anali atawadziwa anayamba kuyoyoka limodzilimodzi. Sanali yekha. Ku Chowa kunali ana ambiri otere, ndipo madoda amene anagwirapo ntchito pa ng'anjo ya mgodi ankapukusa mitu n'kunena chapansipansi kuti ndi mtovu. Alefa anapita naye ku kiliniki, kwa Sista Norah, namwino amene ankayeza ana onse a m'deralo pa sikelo. Sista anamutsegula mwanayo pakamwa nayang'ana nkhama nthawi yaitali.

"Chioneka monga ni mtovu, amake Tryness," anatero. "Mankwala yake yaliko, ya nsingano, koma ni yosoba. Sibapeleka kopanda kupima magazi, ndipo vopimila vili ku Lusaka."

Ndiye mungamvetse mmene mtima wa Alefa unadumphira zitamveka kuti bungwe lina la ku Lusaka likutumiza dokotala wa kafukufuku. Ankabwera kudzayeza dothi la m'makomo ndi magazi a ana m'makomboni oyandikana ndi mgodi, ndipo kumene kukapezeke mtovu n'kumene kukatumizidwe mankhwala aja. Alefa anachapa diresi la kutchalitchi la Tryness n'kulipinda, kudikira tsikulo. Amuna ake anatuma anyamata kukagula laimu.

Dokotalayo dzina lake anali Kenani, mnyamata wophunzira kutsidya kwa nyanja, wa suti ya safari ndi kaliwo kamene kankakhala kukamwa ngakhale mulibe fodya. Maso ake anali pa mpando wina waukulu ku Lusaka. Asananyamuke, akuluakulu ena anali atamuitana n'kumukumbutsa mwaubwenzi kuti mgodi ndiwo umadyetsa dziko, ndipo dziko lodzilamulira silidwalitsa ana ake, zimenezo zinali za atsamunda. Iye anamva bwino lomwe. A Weston anamufikira galimoto isanazime, namulanda bokosi la timabotolo kuti anyamule iwo. Pofika masana anali atabwereka chovala choyera kwa munthu wa ku butchala, ndipo ana ankawatsata m'mbuyo akufuula kuti dokotala wa mabotolo.

Mlungu woyamba ntchito inayenda monga iyenera kuyendera. Anazungulira nyumba ndi nyumba, kukanda dothi pabwalo ndi pakhonde, kuthira m'kabotolo, kutseka. Pa khonde la tcheyamani anakandanso, eni ake ataima pambali akudikira kuyamikiridwa. Dokotala anapita nawo mabotolowo ku Lusaka. Pobwerako nkhope inali ndwii, ndipo anawaitanira a Weston kuseri kwa galimoto.

"Ba chairman, dothi yanu ni yoipa maningi," anatero Kenani, akugogoda kaliwo pa tayala. "Ya pa nyumba panu ndiye worse. Nikalemba ivi, ku Lusaka bazakamba ati ndine mdani wa dziko. Na imwe bazakufunsani kuti section yanu muisunga bwanji."

Munthu wina aliyense akanamva mawu amenewo akanathamangira kunyumba kukanyamula mwana wake pa khonde lija. A Weston sanamve zimenezo. Chimene chinalowa m'makutu mwawo n'chakuti mlendo wa jekete wapatsidwa chinthu choipa pakhomo pawo, ngati wamwetsedwa tiyi m'kapu yogumuka. Manyazi anawagwira mpaka thukuta, ndipo akale sananame, manyazi anapha lambe.

"Pepani maningi, bwana dokota," anatero, manja ali kumbuyo. "Ni mistake yathu. Tinakupasani dothi ya ife bene, yamene tiponda masiku yonse. Iliko dothi yabwino. Nizakubweletselani."

Apa ndi pamene munthu wa sukulu anayenera kuseka kapena kukalipa. Zaka zonse zija kutsidya kwa nyanja anaphunzitsidwa chinthu chimene ngakhale mayi wogulitsa mapira amachidziwa, kuti ukafuna kudziwa za thumba ili sutapa m'thumba la mnzako. Kenani sanaseke ndipo sanakalipe. Anayang'ana kumwamba, kumene utsi wa mgodi unkadutsa, nachokocha m'kaliwo kake ndi kamtengo ka machesi.

"Ine nipima vamene vili mu botolo," anatero. "Kwamene botolo yachokela ni nchito ya imwe ba kuno."

M'mawa mwake a Weston anapalasa njinga mpaka ku Mpima, kunja kwa tauni, kumene mlamu wawo Abel, mchimwene wake wa Alefa, ankalima chimanga kutali ndi utsi. Anadzaza thumba ndi dothi lofiira la m'munda, nauza Abel kuti n'la maluwa. Atafika kunyumba anakhala pa khonde lawo lowala lija n'kumagawa dothilo m'timabotolo, aka ka nyumba ya uje, aka ka nyumba ya uje, akuimba kanyimbo ka Chipani. Tryness anali chapafupi, atagona chafufumimba, akunyambita chala. Dothi la ku Chowa ndi lakuda, la ku Mpima ndi lofiira, ndipo ngakhale nkhuku ikanasiyanitsa. Dokotala analandira mabotolowo osakweza limodzi lomwe kuti alione padzuwa.

Panatsala magazi. Kenani anawafotokozera a tcheyamani, mwa njira yake yomweyo yoyang'ana kumwamba, kuti dothi likakhala loyera koma magazi n'kukhala akuda, ziwirizi zikatsutsana pamaso pa akuluakulu. Sanawonjezerepo kanthu, ndipo sipanafunike kuwonjezera. A Weston anabwereka lole, nabwereranso ku Mpima, nauza Abel ndi anansi ake kuti ana akufunika kukaimbira mlendo m'tauni ndipo kukakhala mabanzi ndi masiwiti. Makolo anawasambitsa ana awo n'kuwakweza mokondwa. Ku Chowa nako anyamata a Chipani anazungulira m'makomo kunena kuti ana akhale m'nyumba monga mwa masiku onse a alendo, dokotala adzawaitana tsiku lina.

Alefa sanamvere zimenezo. Tsiku la magazi anamuveka Tryness diresi lija, namubereka, ndipo atafika pachitseko anapeza amuna ake ataima pomwepo ndi chovala chawo cha ku butchala.

"Uyenda kuti na mwana?" anafunsa a Weston.

Alefa anawaitana monga amaitanira bambo wa mwana kuno: "Kwa dokota, bashi Tryness. Bamupime. Sista anakamba kuti bakapeza mtovu mankwala yazabwela."

"Uyu? Muone mwamene alili. Ufuna mlendo akakambe ku Lusaka kuti chairman akangiwa kudyesa mwana wake? Mlendo sibamuonesa vilonda."

"Uja si mlendo, ni dokota," anatero Alefa. "Dokota ndiye bamuonesa vilonda."

"Iwe suziba vintu va boma. Mlendo ni mame, sachedwa kuyenda. Akapita nizamupeleka neka ku chipatala chikulu."

Anamukankhira m'kati, natseka chitseko ndi loko wakunja, kiyi m'thumba. Alefa anamenya chitsekocho mpaka manja anatupa. Anansi anamva, koma aliyense anali ndi ana ake otsekeredwa, ndipo palibe amene anatuluka.

Pabwalo la kiliniki ana a ku Mpima anali pamzere, masaya ali phwii, mabanzi m'manja. A Weston ankayenda kutsogolo kwawo n'kumawagawira mayina ndi makomo a ku Chowa. Kenako anagwira dzanja la Dailes, mwana wa Abel, wamsinkhu umodzi ndi Tryness, wonenepa mpaka zibangili za mnofu m'mikono, napita naye yekha patebulo.

"Uyu ndiye wanga, bwana dokota. Tryness Kamwendo."

Dokotala anamutsina tsaya mwanayo, nayitana wojambula zithunzi. Amene ankabaya ana ndi kukoka magazi anali Sista Norah. Anayang'ana mzere wonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo sanaonepo nkhope ngakhale imodzi imene anaiikapo pa sikelo yake.

"Dokota," anatero, "aba bana si ba kuno."

"Sister, imwe nchito yanu ni nsingano," anayankha Kenani osatembenuka. "Ba chairman ndiye baziba bantu bao."

Sista anawayang'ana a Weston. A Weston anayang'ana m'bokosi la mabotolo ngati mwagwera kanthu. Sista naye anali ndi ana ake a sukulu, ndipo ankadziwa kuti namwino wolongolola sachedwa kutumizidwa kumidzi yopanda msewu. Anatenga singano n'kuyamba kubaya. Ana a ku Mpima analira, anaimba nyimbo imodzi kuti bodza likwane, nakwera lole yawo.

Patapita miyezi, wailesi inalengeza kuti kafukufuku wa akatswiri wapeza kuti ku Chowa kulibe vuto la mtovu, dothi lake ndi labwino, ana ake ndi athanzi, ndipo zonse zimene zinkamveka zinali mphekesera za adani a dziko. Mankhwala ochepa amene analipo anapita kwina. A Weston anavina pabwalo ndi ndodo yawo. Anakwezedwa kukhala tcheyamani wa nthambi, napatsidwa malaya a chitenje. Chithunzi chija chinabwera, ndipo anachipachika pamwamba pa kabati ya mbale za alendo: dokotala ndi kaliwo kake, a Weston mano onse pamtunda, ndi Dailes pakati. Alefa ankasesa chipinda chimenecho nkhope atazolika.

Lonjezo la chipatala chachikulu linkasunthidwa mlungu ndi mlungu, chifukwa tcheyamani wa nthambi amakhala ndi misonkhano yambiri. Mvula itayamba, Tryness anayamba kugwa. Ankauma thupi lonse, maso n'kutembenuka, thovu kukamwa, ndipo akatsitsimuka sankazindikira msanga amene wamunyamula. Alefa sanadikirenso munthu. Anapita naye yekha ku chipatala chachikulu, kumene anamufunsa kuti amakhala kuti. Atanena kuti ku Chowa, anamuuza kuti ndiye si mtovu, ku Chowa anayezako kale, namupatsa mankhwala a malungo ndi a njoka za m'mimba. Anabwerera kwa Sista Norah akulira.

"Mankwala ya mtovu nilibe, amake Tryness," anatero Sista. "Kuno sibanatumize olo botolo imozi, chifukwa Chowa ni yoyela. Funsani bamuna banu mwamene inayelela." Kenako anapitiriza. "Uja dokota abwela pa Chibelu, bazamuyamikila pa meeting ku Katondo. Akakamba yeve kuti uyu mwana apasiwe mankwala, yazapezeka. Koma afunika auzidwe kuti uyu ndiye Tryness, ndipo womuuza ni atate bake."

Alefa anafika kunyumba n'kumugoneka mwanayo pamiyendo ya bambo ake. Sanakalipe. Anangoti, "Mau yamozi chabe, bashi Tryness. Mukamuuze kuti uyu ndiye wanu." A Weston anamuyang'ana mwanayo, kakhosi kake, timiyendo take touma, ndipo misozi inatsika. Analumbira pa manda a bambo awo kuti akanena, zivute zitani. Tisawanamizire, mwanayo ankamukonda. Ankamukonda monga ankakondera mbale yogumuka ija, yodyera pamene palibe woona.

Loweruka, Chibelu chija, bwalo la ku Katondo linadzaza. Miyala inali itapakidwa laimu, azimayi a Chipani atavala zitenje zofanana, ng'oma zikulira. A Weston anapatsidwa mpando weniweni pamzere wachiwiri, kumbuyo kwa dokotala ndi mkulu wa Chipani wa dera lonse, ndipo chibadwire anali asanakhalepo pafupi chotero ndi tebulo la nsalu yoyera. Mkuluyo anayankhula nthawi yaitali za mwana wa dziko amene watseka pakamwa adani ndi sayansi. Anatchulanso dzina la a Kamwendo, mtsogoleri wachitsanzo, ndipo anthu anawomba m'manja chifukwa anyamata a Chipani ankayang'ana amene sakuwomba. A Weston ankati akafuna kuwerama kuti anong'oneze dokotala, pankabwera nyimbo ina, ndipo ankadziuza kuti adikire kaye ithe.

Alefa anaona kuti nyimbo sizidzatha. Anadutsa pakati pa ovina, namasula mbereko patsogolo pa tebulo, n'kumugoneka mwanayo pa nsalu yoyera ija, pakati pa mabotolo a zakumwa. Ng'oma zinaleka imodziimodzi.

"Dokota, mupimeni uyu," anatero mokweza. "Ni Tryness Kamwendo wa ku Chowa. Simunamupime."

Kenani anali dokotala ndithu, zimenezo palibe angamulande. Anangoona nkhope yotuwayo ndi nkhama za mwanayo, ndipo anadziwa chimene akuona. Kaliwo kanatsika kukamwa. Anayang'ana mwanayo, nayang'ana mkulu wa Chipani, ndipo munthu ankatha kuona mpando wa ku Lusaka uja ukugwedera m'maso mwake. Kenako anatembenukira kumbuyo.

"Tryness Kamwendo nimukumbukila bwino," anatero. "Mwana wonenepa, magazi yake yanali clean kupambana bonse. Ba chairman, uyu mwana ni wa ndani?"

Anthu a ku Chowa analipo ambiri, ndipo panalibe mmodzi yemwe wosadziwa yankho. Ena mwa azimayiwo ndiwo anamuchingamira mwanayo tsiku lobadwa. A Weston anaimirira. Atangokhosomola, Tryness anatembenuza maso kufuna kumene kwachokera mawu a bambo ake. Iwo anamuona. Anaonanso jekete la mkulu wa Chipani, ndi nsalu yoyera imene inayamba kuda ndi fumbi la kumapazi a mwanayo. Ndiye kuseka kuja kunatuluka kokha, kwa alendo, mano onse pamtunda, msana utapindika.

"Ni wa ba mulamu banga, bwana," anatero. "Wa ku munzi, ku Petauke. Anabwela odwala kale. Aba amai muwakhululukile, mutu suli bwino na chisoni."

Alefa sanakuwe. Anawayang'ana amuna ake kamodzi kokha, nthawi yaitali, kenako anamunyamula mwana wake yekha azimayi a Chipani asanamugwire, nabereka, natuluka m'bwalomo. Wina anagwedeza dzanja, ndipo ng'oma zinayambiranso. A Weston anakhala pansi pa mpando wawo wa pamzere wachiwiri, ndipo pambuyo pake anadya nawo mpunga ndi nkhuku.

Kenani anaupeza mpando wake chaka chomwecho. Amati pambuyo pake ankayendayenda m'misonkhano kulangiza achinyamata kuti kafukufuku amafuna munthu woona mtima, ndipo ankayankhula bwino kwambiri. Ku Chowa sanapondekonso.

Tryness anamwalira chimanga chisanakhwime. Abel anabwera kuchokera ku Mpima, ndipo pofika nthawiyo anali atamva zonse, za thumba la maluwa, za mabanzi, ndi za dzina limene mwana wake anabwerekedwa. Sanawapatse moni alamu ake. A Weston sanazione zimenezo, chifukwa anali otanganidwa. Anatuma anyamata kupaka laimu miyala ya pakhomo, natulutsa mbale zamaluwa ndi mpando wabwino, poganiza kuti maliro a m'nyumba ya tcheyamani wa nthambi sangapite opanda munthu wa jekete. Maso awo ankangothamangira ku msewu. Kunabwera anansi a ku Chowa okha, ndi Sista Norah amene anakhala kumbuyo kwenikweni.

Kumanda, kabokosi katatsitsidwa, mkulu wa mpingo anapemphera, kenako anati bambo wa mwana ayambe kuponya dothi. A Weston anapereka ndodo yawo kwa munthu wina, nakonza malaya a chitenje, nawerama n'kutapa dothi lodzaza dzanja. Pamenepo mawu anamveka kuchokera pakati pa azimayi, osanjenjemera, omveka mpaka kumapeto kwa khamu.

"Siyani, ba Kamwendo."

Anali Alefa. Chikwatirane anali asanawatchulepo dzina limenelo.

"Munakamba pa bantu kuti ni wa ba mulamu banu. Bonse aba banamvela." Anatembenukira kwa mchimwene wake. "Ba Abel, ponyani dothi pa mwana wanu."

Palibe amene anatsutsa. Kwa a ku Ntcheu ndi kwa a ku Petauke komwe, malume ndiye mwini mbumba, ndipo bambo anali atadzichotsa yekha pamaso pa bwalo lodzaza. Mkulu wa mpingo anayang'ana m'buku lake la nyimbo. Abel anabwera kutsogolo, natapa dothi, naponya, ndipo linamveka kuti phu pa thabwa. Anatsatira Alefa, kenako anansi, aliyense akuwalambalala a tcheyamani monga amalambalalira chitsa.

A Weston anayang'ana uku ndi uku, kufuna munthu wamkulu woti awauze chochita. Panalibe. Adzukulu anatenga mafosholo n'kukwirira, azimayi anaimba, anthu anayamba kubalalika, ndipo Alefa anatsata mchimwene wake njira ya ku Mpima osacheuka. A Weston anali chiimire pomwepo, dzanja lili chifumbatire. Dothilo linali lakuda, la ku Chowa lenileni, ndipo panalibe poliponya.